Thandizo la WIC pogula mkaka wa m'chitini ku America: mafunso ndi mayankho

Ku America mkaka wa m'chitini wa mwana wakhanda ndi wokwera mtengo. Chitini chaching'ono cha ufa, cholemera pafupifupi maaunsi 12 ndi theka, chimagulidwa madola pafupifupi 20 m'masitolo ambiri, ndipo mwana amene sakuyamwa konse amachimaliza m'masiku atatu kapena anayi. Pakutha mwezi, ndalama ya mkaka yokha imakhala itadutsa madola 150. Boma la kumeneko lili ndi ndondomeko yotchedwa WIC yomwe imalipira gawo lalikulu la mkaka umenewu, koma pafupifupi theka la anthu oyenera kulandira salembetsa. Ena sadziwa kuti ndi oyenera, ena amaopa za mapepala, ena amachita manyazi. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene makolo olankhula Chichewa okhala ku America amakhala nawo kawirikawiri.

WIC ndi chiyani kwenikweni?

Ndi ndondomeko ya boma lalikulu yopereka chakudya chowonjezera kwa amayi oyembekezera, amayi amene angobereka kumene, makanda ndi ana osakwana zaka zisanu. Inayamba mongoyesa mu 1972, chipatala chake choyamba chinatsegulidwa ku Pineville m'chigawo cha Kentucky mu 1974, ndipo mu 1975 inakhazikitsidwa kukhala yokhalitsa. Ndalama zimachokera ku unduna wa za ulimi, USDA, koma amene amayendetsa ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi chigawo chilichonse pachokha. N'chifukwa chake zimene mnzanu wa ku Texas wakuuzani nthawi zina zimasiyana ndi zimene mukapeze ku Maryland.

Mu 2024 anthu pafupifupi 6.7 miliyoni ankalandira thandizoli mwezi uliwonse, ndipo mwa makanda 10 aliwonse a m'dzikolo, pafupifupi anayi ali pa WIC. Amene anapitako kusikelo kwathu sangadabwe ndi zochitika zake: mwana amamuyeza kulemera ndi msinkhu, mayi amalandira uphungu wa kadyetsedwe, kenaka n'kupatsidwa chothandizira. Kusiyana kwake n'kwakuti simunyamula chakudya pamalopo. Amakuikirani pa khadi, inu n'kukagula kusitolo.

Ndani angalandire?

Mayi woyembekezera, nthawi yonse ya mimba mpaka masabata asanu ndi limodzi atabereka. Mayi woyamwitsa, mpaka mwana atakwanitsa chaka. Mayi amene sakuyamwitsa, mpaka miyezi isanu ndi umodzi atabereka, ndipo izi zikuphatikizapo amene wapita padera. Makanda onse mpaka chaka, ndi ana mpaka tsiku limene akwanitsa zaka zisanu.

Mwana ndiye mwini thandizo lake, choncho sikuti womulembetsa akhale mayi wake yekha. Bambo amene akulera mwana, agogo, azakhali, kapena munthu amene boma lamupatsa mwana kuti alere, onsewa akhoza kupita kukalembetsa.

Pali zinthu zitatu zimene amayang'ana: kuti mumakhala m'chigawo chimene mukulembetsamo, kuti ndalama za pakhomo panu sizikupitirira malire, ndiponso kuti pali chiopsezo china pa kadyedwe kapena thanzi. Chachitatuchi chisakuopseni. Kuchepa kwa magazi, kulemera kwambiri kapena pang'ono, kubadwa masiku asanakwane, ngakhale kadyedwe kosakwanira, zonsezi zimawerengedwa, ndipo n'zosowa kuti banja loyenera pa ndalama likanidwe chifukwa cha mfundo imeneyi.

Ine ndi bambo a mwanayu tonse tili pa ntchito. Sitikupitirira malire?

Apa ndi pamene mabanja ambiri amadzichotsa okha asanafunse n'komwe. Malire a WIC ndi 185 peresenti ya mlingo wa umphawi wa boma lalikulu, ndipo amasinthidwa pa 1 July chaka chilichonse. Kuyambira July 2025 mpaka June 2026, m'zigawo zonse kupatula Alaska ndi Hawaii, banja la anthu awiri linkayenera kusapitirira madola 39,128 pachaka, la anthu atatu madola 49,303, ndipo la anthu anayi madola 59,478. Anthu ambiri ogwira ntchito yosamalira okalamba, ya m'nyumba zosungiramo katundu kapena ya m'mafakitale ali mkati mwa malire amenewa ngakhale akugwira maola okwanira.

Powerenga anthu a pakhomo, mwana amene ali m'mimba amawerengedwa. Mayi woyembekezera ndi mwamuna wake ndi anthu atatu, ndipo ngati akuyembekezera mapasa ndi anayi. Powerenga ndalama, amatenga malipiro asanadule msonkho, osati zimene zimalowa kubanki. Lendi, ngongole ya galimoto, ndi ndalama zimene mumatumiza kumudzi mwezi ndi mwezi sazichotsa. Izi zimawawa kwa ife amene malipiro amodzi amadyetsa makomo awiri, koma lamulo lake ndi limenelo.

Ngati mukukhala nyumba imodzi ndi banja lina koma aliyense amadzigulira chakudya ndi kudzilipirira zake, afotokozereni. Mabanja otere akhoza kuwerengedwa payekhapayekha, ndipo ndalama za enawo siziwonjezedwa pa zanu.

Palinso njira yachidule. Amene ali kale pa Medicaid (thandizo la boma la zachipatala), SNAP (thandizo la boma logulira chakudya) kapena TANF (thandizo la ndalama kwa mabanja ovutika) amaonedwa kuti wakwaniritsa kale mfundo ya ndalama. M'zigawo zingapo malire a Medicaid a amayi oyembekezera ndi makanda ndi okwera kuposa a WIC, motero banja lingathe kupitirira ziwerengero zili pamwambazi koma n'kulowabe chifukwa mwana ali ndi khadi la Medicaid.

Ndilembetse liti, mwana asanabadwe kapena atabadwa?

Mukangodziwa kuti ndinu oyembekezera. Mumayamba kulandira mkaka wa akuluakulu, mazira, nyemba, zipatso ndi ndiwo zamasamba nthawi yomweyo, ndipo mwana akabadwa kumuwonjezera kumakhala kosavuta chifukwa fayilo yanu ilipo kale. Kudikira mpaka mutatuluka m'chipatala ndi mwana wa masiku atatu, muli ndi mabala, tulo mulibe, ndiko kumachititsa kuti anthu agule zitini zoyambirira ndi ndalama ya lendi. Ngati mwana wabadwa kale, palibe chaonongeka. Imbani lero lomwe.

Ndimalembetsa bwanji, ndipo nditenge chiyani?

Fufuzani pa intaneti dzina la chigawo chanu pamodzi ndi mawu akuti WIC, kapena imbani 211, nambala yofunsira za thandizo la m'dera lanu, mufunse ofesi yapafupi. Ambiri mwa maofesiwa ali m'nyumba za zaumoyo za boma la dera kapena m'zipatala zazing'ono za m'madera. Zigawo zambiri zili ndi fomu ya pa intaneti yongoyambira, koma fomuyo siimaliza nkhani. Adzakuimbirani kuti akupatseni tsiku lokumana nawo, ndipo m'malo ambiri masiku ano kukumanako kumatheka pa foni kapena pa vidiyo.

Konzani chiphaso chanu, monga pasipoti kapena laisensi yoyendetsera galimoto. Kwa mwana, kalata ya kubadwa, khadi la katemera kapena mapepala amene anakupatsani potuluka m'chipatala. Pa malo okhala, bilu ya magetsi, pepala la lendi kapena kalata ina iliyonse yofika ndi dzina lanu pa keyala imeneyo. Pa ndalama, mapepala a malipiro a masiku 30 apitawa a aliyense wogwira ntchito pakhomopo, kapena khadi la Medicaid. Wolipidwa pamanja, monga woluka tsitsi kapena wolera ana a anthu, akhoza kubweretsa kalata ya amene amamulipira, ndipo pamene izi sizingatheke amaloledwa kusayina fomu yonena yekha zimene amapeza. Chimodzimodzinso amene alibe malo okhazikika okhala.

Palibe lamulo loti mukhale mutakhala m'chigawocho kwa miyezi yakutiyakuti. Amene wafika sabata yatha ndi woyenera. Kulembetsa n'kwaulere, ndipo aliyense wokuuzani kuti mumulipire kuti akuthandizeni kulowa akukuberani.

Lamulo limati ofesi ikuyankheni pasanathe masiku 20 kuchokera pamene mwapempha, ndipo kwa amayi oyembekezera ambiri ndi masiku 10. Ngati mkaka wakutherani, nenani zimenezo momveka poimba foni. Maofesi ambiri amafulumizitsa makanda.

Kumeneko amakachita chiyani? Amabwera kudzayendera kunyumba?

Sabwera. Amayang'ana mapepala, amayeza kulemera ndi msinkhu, ndipo mayi amamubaya pachala kuti aone kuchuluka kwa magazi. Khanda longobadwa kumene salibaya, amadikira lifike miyezi isanu ndi inayi kapena kuposerapo. Kenaka mumacheza ndi katswiri wa zakudya amene amafunsa mmene mwana akudyera, kangati patsiku, ndi mmene mumasungunulira mkaka. Yankhani zoona zokhazokha, chifukwa kuchuluka kwa zitini zimene akuikireni kumachokera pa mayankho amenewa. Mukati mwana akuyamwa bwino pamene mukumupatsa mabotolo asanu patsiku, mudzalandira mkaka wochepa kuposa umene akufunika.

Chingerezi chawo chimandivuta, makamaka pa foni. Nditani?

Pemphani womasulira. Maofesi olandira ndalama za boma lalikulu amayenera kupereka thandizo la chinenero kwaulere, ndipo nthawi zambiri amaimba ku kampani ya omasulira pa foni. Akanena kuti Chichewa sakuchipeza pa mndandanda wawo, auzeni ayang'ane pa Nyanja kapena Chewa. Ndi bwino kuwadziwitsa patsiku lopangana, chifukwa womasulira wa chinenero chathu sapezeka mwamsanga ngati wa Chisipanishi.

Mapepala anga a imigireshoni sali bwino. Kodi kulembetsa sikundiika m'mavuto?

Funso ili ndi limene limasowetsa anthu tulo, ndipo liyenera kuyankhidwa mosamala. Lamulo la boma lalikulu silifuna kuti munthu akhale nzika kapena akhale ndi green card, chilolezo chokhala m'dzikolo mokhazikika, kuti alandire WIC. Pa mfundo imeneyi WIC ndi yosiyana kwambiri ndi SNAP, yomwe ili ndi zoletsa zambiri kwa obwera. Komabe lamulo limalola chigawo kuika zoletsa zake, ndipo zochepa zinatero. Ku Indiana, komwe kuli Amalawi ambiri makamaka ku South Bend, munthu wa zaka 18 kapena kuposerapo amafunsidwa kutsimikiza kuti ndi nzika kapena ali ndi chilolezo chovomerezeka, koma izi sizikhudza makanda ndi ana. Ndiye kuti ngakhale mayi atakanidwa chakudya chake, mkaka wa mwana umatulukabe.

Mbali ina ndi lamulo lotchedwa public charge, lomwe a imigireshoni amagwiritsa ntchito poona ngati wopempha green card angadzakhale mtolo ku boma. Malamulo a 2019, omwe anali okhwima, sanaike WIC pa mndandanda wa zinthu zowerengedwa, ndipo a 2022 nawonso sanaiike. Koma malamulo amenewa amasintha boma likasintha. Ngati muli ndi pempho limene likudikira yankho, kapena mudzakafunsidwa mafunso ku ofesi ya kazembe, funsani loya wa za imigireshoni kapena bungwe lopereka uphungu wa malamulo kwaulere m'dera lanu musanasankhe. Musadalire zimene zikuyenda pa WhatsApp, kaya zoopseza kaya zolimbikitsa. Zimene mumauza a WIC zimatetezedwa ndi lamulo la chinsinsi la ndondomekoyi.

Adzandipatsa mkaka wochuluka bwanji?

Zimadalira msinkhu wa mwana ndiponso ngati akuyamwa. Kwa mwana amene sakuyamwa konse, mlingo wa mwezi umawerengedwa pa mkaka wosungunula kale: maaunsi 806 kuyambira pobadwa mpaka miyezi itatu, 884 pa miyezi inayi ndi isanu, ndi 624 kuyambira miyezi isanu ndi umodzi mpaka chaka. Aunsi imodzi ya mkaka wosungunula ndi pafupifupi mamililita 30. Tikasandutsa zitini zazing'ono za ufa zija, nthawi zambiri zimakhala 9 pamwezi poyamba, 10 pakati, ndi 7 kumapeto.

Onani kutsika kwa pa miyezi isanu ndi umodzi. Boma limawerengera kuti pamenepo mwana wayamba kudya, ndipo limawonjezera phala la ana ndi timabotolo ta zipatso ndi ndiwo zamasamba zopera. Koma ana ambiri a miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri amangolawa chakudya, mkaka n'kumamwabe monga kale. Mwezi umenewu ndi umene makolo ambiri amadzidzimuka kuona zitini zitatha sabata yathunthu mwezi usanathe.

Ndiye kuti WIC siikwanira mwezi wonse?

Kwa ana ena imakwanira m'miyezi yoyambirira, koma sanaikonze kuti ikwanire zonse. Ndi chakudya chowonjezera, ndipo a ku ofesi amanena zimenezi poyera. Chanzeru ndi kuika padera ndalama ya chitini chimodzi kapena ziwiri mwezi uliwonse kuyambira pachiyambi.

Ngati muli pa SNAP, khadi lake limagula mkaka wa makanda, ndipo kulandira SNAP ndi WIC pamodzi n'kololedwa. Pogula ndi ndalama zanu, yang'anani mkaka wokhala ndi dzina la sitolo, monga wa Walmart, Target kapena Costco. Ndi wotsika mtengo kwambiri, ndipo kuyambira pa lamulo la 1980 lokhudza mkaka wa makanda, mkaka uliwonse wotere wogulitsidwa ku America umayenera kukwaniritsa mlingo umodzimodzi wa michere umene bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala, FDA, linaika. Mwana wathanzi amene akumwa mkaka wamba akhoza kusintha mtundu popanda vuto lalikulu. Dokotala wa ana nthawi zambiri amakhala ndi zitini zachitsanzo, ndipo kupempha si ulesi. Malo ogawa chakudya kwaulere ena amasunganso mkaka, ndipo a 211 akhoza kukuuzani amene ali pafupi. Matewera sagulidwa ndi WIC ngakhalenso SNAP, koma mizinda yambiri ili ndi mabungwe ogawa matewera, zomwe zingapulumutse ndalama yoti ipite ku mkaka.

Kodi sindingathire madzi ambiri pang'ono kuti chitini chifike kumapeto kwa mwezi?

Ayi, ngakhale kamodzi. Impso za khanda sizinakhwime moti n'kutulutsa madzi ochuluka. Mkaka ukasungunulidwa mopitirira, mchere wa m'magazi umatsika, mwana amafooka, amatha kukomoka ndi kuphupha, ndipo ena amamwalira. Ngakhale zitapanda kufika pamenepo, mwana amakhuta madzi n'kusiya kukula. Tsatirani zolembedwa pa chitini, ndipo gwiritsani ntchito kasupuni kamene kabwera m'chitinimo, chifukwa timasupuni ta mitundu yosiyana sitilingana.

Pali zinanso zimene anthu amathamangira mkaka ukatha. Nido amene amapezeka m'masitolo a zakudya za ku Africa si mkaka wa makanda. Mkaka wa ng'ombe wa m'firiji suyenera kukhala chakumwa cha mwana asanakwanitse chaka, chifukwa uli ndi ayironi wochepa ndipo umalemetsa impso. Mkaka wodzipangira kunyumba potsatira malangizo a pa intaneti wagonekapo ana m'chipatala. Agogo akabwera kudzathandiza chikuta, mwina adzanena kuti mwana akulira chifukwa cha njala, mumupatse phala lamadzimadzi. Alankhuleni mwaulemu, koma phala lidikire mpaka pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo lisalowe m'botolo. Uchi nawonso udikire chaka chikwane.

Kutaya mkaka kumathanso zitini msanga. Wosungunula kale umakhala maola awiri panja, kapena maola 24 m'firiji ngati mwana sanauyambe. Akangoyamwa botolo, wotsalawo utayidwe pakatha ola limodzi. Choncho sungunulani wochepa, n'kuwonjezera ngati sanakhute.

N'chifukwa chiyani akundiuza kuti ndigule mtundu umodzi wokha, pamene kuchipatala mwana anazolowera wina?

Chifukwa chake ndi ndalama. Kuyambira mu 1989 lamulo limalamula zigawo kupeza njira yochepetsera mtengo wa mkaka, ndipo njira imene zimatsata ndi kuchititsa makampani mpikisano. Kampani imene yalonjeza kubwezera boma ndalama zambiri pa chitini chilichonse ndi imene imapambana, ndipo mkaka wake wokha ndi umene khadi la WIC limagula m'chigawo chimenecho. M'zigawo zambiri ndi Similac wa kampani ya Abbott kapena Enfamil wa Mead Johnson. Ndalama zobwezedwazi zimadutsa madola 1 biliyoni pachaka, ndipo ndi zimene zimathandiza kuti anthu ambiri alowe mu ndondomekoyi. Makampani amavomera chifukwa WIC imagula mkaka woposa theka la mkaka wonse wa makanda m'dzikolo, ndipo wopambana amadzaza mashelefu.

Sizikutanthauza kuti akukupatsani mkaka wachabechabe. Ndi womwewo umene ena akugula ndi ndalama zawo. Mkati mwa mtundu umenewo mumakhalanso wosankha, monga wamba, wa ana ovutika ndi mpweya m'mimba, ndi wa soya. Mwana akasintha mkaka, chimbudzi chake chimatha kusintha kwa masiku angapo, ndipo zimenezi pazokha si matenda.

Mwana wanga akusanza kwambiri ndipo m'chimbudzi muli timagazi. Dokotala wati asinthe mkaka. WIC ilipira?

Ikhoza kulipira, koma pamafunika fomu yosayinidwa ndi dokotala kapena namwino wovomerezeka, yonena matenda ake, dzina la mkaka, kuchuluka kwake patsiku ndi miyezi imene adzaumwe. Mkaka monga Nutramigen, Alimentum, EleCare ndi Neocate wa ana osagwirizana ndi mkaka wa ng'ombe, kapena NeoSure ndi EnfaCare wa ana obadwa masiku asanakwane, umatuluka mwa njira imeneyi. Kungoti mwana amalira usiku kapena amabzikula pang'ono nthawi zambiri sikukwanira. Fomuyi imatha mphamvu, choncho lembani tsiku lake penapake kuti mukaitenge ina nthawi isanathe. M'zigawo zina Medicaid ndi imene imayamba kulipira mkaka wapadera, WIC n'kubwera pambuyo, ndipo a ku ofesi adzakuuzani mmene zilili kwanuko.

Adzandinyoza kapena kundikakamiza kuyamwitsa?

Adzakulimbikitsani, chifukwa ndi mbali ya ntchito yawo, koma sangakumaneni mkaka chifukwa mwasankha botolo. Ambiri a ife tinakulira kumene kuyamwitsa si nkhani yokambirana, ndiye kupempha mkaka wa m'chitini kumamveka ngati kulephera. Koma ku America kulibe lamulo la dziko lonse lopatsa mayi tchuthi cholipidwa akabereka, ndipo ambiri amabwerera ku ntchito ya maola 12 mwana ali ndi masabata asanu ndi limodzi. A WIC amadziwa zimenezi.

Dziwani chabe mmene zinthu zimasinthira. Mayi woyamwitsa mokwanira, wosalandira mkaka wa m'chitini, amalandira chakudya chochuluka kuposa onse, kuphatikizapo nsomba za m'chitini, mpaka mwana atakwanitsa chaka. Mu 2024 ndalama ya zipatso ndi ndiwo zamasamba inali madola 52 pamwezi kwa woyamwitsa, 47 kwa woyembekezera ndi wongobereka kumene, ndi 26 kwa mwana amene wakwanitsa chaka. Wophatikiza bere ndi botolo amalandira zitini zochepa koma chakudya chake chimapitirira. Wolandira mkaka wonse, chakudya chake chimatha pa miyezi isanu ndi umodzi, cha mwana n'kumapitirira. Ofesi imathandizanso kupeza makina okamira mkaka wa m'mawere, ndipo ili ndi amayi anzanu ophunzitsidwa amene mungawaimbire foni. Zinthu zikasintha pakati pa mwezi, mwachitsanzo mkaka wa m'mawere wachepa, imbani kuti asinthe zimene zili pa khadi. Simuyenera kudikira tsiku lokumananso.

Ndili ndi kachilombo ka HIV. Kwathu ankati ndiziyamwitsa ndikumwa mankhwala, kuno akuti botolo. Zoona ndi ziti?

Malangizo onse awiri ali ndi chifukwa chake. Ku Malawi, kumene madzi aukhondo ndi ndalama ya mkaka sizipezeka kwa aliyense, kutsegula m'mimba ndi kunyentchera kumapha ana ambiri kuposa chiopsezo chochepa chotsala pamene mayi akumwa ma ARV mokhulupirika. Ku America kwa zaka zambiri ankaletseratu kuyamwitsa. Mu 2023 malangizo a boma anasintha, ndipo tsopano mayi amene akumwa mankhwala, kachilombo osaoneka m'magazi, akhoza kukambirana ndi dokotala wake za kuyamwitsa, ngakhale botolo ndilo lokha limachotseratu chiopsezo. Chisankhocho pangani ndi dokotala. Mukasankha botolo, WIC imakupatsani mlingo wonse wa mwana wosayamwa.

Khadi limagwira ntchito bwanji kusitolo?

Limaoneka ngati khadi la kubanki ndipo lili ndi nambala yachinsinsi. Mkati mwake mulibe ndalama ya mkaka, muli chiwerengero cha zitini za mtundu ndi kukula kwakutikwakuti. Mukatenga chitini chachikulu cha mtundu womwewo, makina amakana. Ichi ndicho chimachititsa manyazi ambiri pa kauntala, choncho yang'anani kulemera kolembedwa pa chitini musanachiike m'ngolo. Zigawo zambiri zili ndi pulogalamu ya pa foni, monga WICShopper, yoti mujambule chizindikiro cha katundu n'kudziwiratu ngati ndi wololedwa. Si sitolo iliyonse imene imalandira khadili, yang'anani chikwangwani pakhomo. Ngati mukulipiranso ndi SNAP kapena ndalama zanu, yambani ndi khadi la WIC.

Zimene simunagule mwezi uno sizipita ku mwezi wamawa, zimangofafanizika. Koma musatsegule zitini zambiri nthawi imodzi, chifukwa chotsegula chimayenera kutha pasanathe mwezi.

M'masitolo onse apafupi mulibe mtundu wanga. Nditani?

Imbirani ofesi ya WIC, chifukwa imadziwa masitolo ena ndipo nthawi zina imaloleza mtundu wina. Mu February 2022 kampani ya Abbott inaitanitsanso mkaka wake n'kutseka fakitale ya ku Sturgis m'chigawo cha Michigan, makanda angapo atadwala ndi kachilombo kotchedwa Cronobacter. Mashelefu anakhala opanda kanthu kwa miyezi, boma linachita kunyamula mkaka pa ndege kuchokera kunja, ndipo mabanja a WIC anavutika koposa chifukwa khadi linkawamangirira ku mtundu umodzi. Mu May chaka chomwecho anakhazikitsa lamulo lopatsa USDA mphamvu yofewetsa malamulo a WIC pa nthawi ngati imeneyo.

Zitini zanditsalira chifukwa mwana wasintha mkaka. Ndingagulitse, kapena kutumizira mchemwali wanga ku Lilongwe?

Musatero. Kugulitsa mkaka wa WIC, kusinthanitsa, ngakhale kungoulengeza pa Facebook, ndi kuphwanya malamulo a ndondomekoyi, ndipo chilango chake ndi kubweza ndalama kapena kuchotsedwa. Kupatsa wina, ngakhale wachibale, nakonso zigawo zambiri zimaletsa. Zitini zosatsegula bwezani ku ofesi, ndipo kawirikawiri amazisinthanitsa ndi mkaka watsopano umene dokotala walemba.

Tikusamukira chigawo china. Tiyambirenso pachiyambi?

Ayi. Musananyamuke pemphani pepala lotsimikiza kuti muli pa WIC, lomwe amalitcha VOC. Ofesi ya kumene mukupita imayenera kulilandira mpaka nthawi yanu itatha, osayezanso ndalama. Khadi lakale nthawi zambiri siligwira ntchito kunja kwa chigawo chake, ndiye gulani zitini za mwezi umenewo musananyamuke. Yembekezeraninso kuti mtundu wa mkaka ukhoza kusintha.

Boma likatseka chifukwa cha mkangano wa bajeti, mkaka umaima?

WIC imadalira ndalama zimene nyumba ya malamulo imavomereza chaka ndi chaka, choncho chiopsezo chimakhalapo. Pa kutseka kwa masiku 43 kwa mu October ndi November 2025, boma linapeza ndalama zina ndipo makhadi anapitiriza kugwira ntchito. Zikachitikanso, pitirizani kugula ndi kupita pa masiku anu mpaka ofesi yanu itakuuzani zina. Ndalama zikachepa kwenikweni pamakhala mndandanda wodikira, ndipo amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi makanda okhala ndi vuto la thanzi ndi amene amakhala patsogolo.

Andikana. Pathera pomwepa?

Amayenera kukupatsani kalata yonena chifukwa chake, ndipo muli ndi masiku osachepera 60 opempha kuti nkhani yanu imvedwenso ndi munthu wina amene sanatenge mbali pa chigamulocho. Mukhoza kupita ndi wachibale, mnzanu kapena loya. Musanafike kumeneko, werengani kalatayo bwinobwino. Nthawi zambiri vuto limakhala laling'ono: sanawerenge mwana wa m'mimba, anatenga mwezi umene munagwira ovataimu yambiri ngati kuti ndi mmene mumalandirira nthawi zonse, kapena pepala lina linasowa. Pa za ovataimu, apempheni ayang'ane ndalama za chaka chonse ngati ndizo zikuonetsa bwino mmene pakhomo panu palili. Ndipo maola a ntchito akachepa, ntchito ikatha, kapena mwana akalandira Medicaid, lembetsaninso nthawi yomweyo, chifukwa palibe nthawi yoikika yodikira munthu akakanidwa chifukwa cha ndalama.